Timaukonde ting'onoting'ono ta m'masamba ogwa: ndi ana a kangaude kapena ndi mtundu pawokha?

Mphunzitsi_wa_Domwe
Moni nonse. Ndabwera ndi funso la ana anga a kalasi 6, ndipo ndikupempha amene anaphunzira za tizilombo atithandize. Kumunsi kwa sukulu yathu kumadutsa kamtsinje kochokera kuphiri la Domwe. Pamalo ena pali mikuyu ndi katope, pansi pamakhala chinyezi ngakhale m'chilimwe, ndipo masamba ogwa amangounjikana. Anawa pokatunga madzi m'mawa anaona timaukonde ta kangaude tolukidwa mozungulira bwinobwino, koma tating'ono zedi. Tinayeza ndi rula: masentimita awiri, tina atatu. Timakhala chogona pakati pa masamba, ndipo timaoneka mame asanaume basi. Mwini wake ndi kadontho chabe kokhala pakati. Ana akufunsa kuti kodi amenewa ndi ana a akangaude akuluakulu aja a ulusi wachikasu? Ndikufuna kuwapatsa yankho loona, osati longopeka.

MlimiWaTsangano
Ndi ana amenewo aphunzitsi. Chilichonse chimayamba chaching'ono. Mudzapiteko mvula ikatha, mudzapeza atakula.

Wophunzira_Ulongwe
Mwaswera bwanji aphunzitsi, ndi inunso bambo a ku Tsangano. Ine ndikuphunzira zaulimi kuno ku Ulongwe ndipo nkhani ya akangaude ndimaikonda kwambiri, ndiye mundilole ndilembe motalikirapo.

Zimene bambowa anena zimachitikadi. Ana a akangaude oluka maukonde ozungulira nawo amaluka timaukonde tawo tating'ono. Koma palinso akangaude amene amakhwima, kukwerana, kuikira mazira mpaka kufa asanapitirire mamilimita awiri. Pali mabanja anayi apachibale a akangaude otere: Symphytognathidae, Anapidae, Mysmenidae ndi Theridiosomatidae. Malo amene mwafotokozawo, amthunzi, achinyezi, a masamba owolerana, ndiwo malo awo enieni.

Banja loyambalo ndilo lili ndi ang'ono kuposa onse. Analilemba koyamba ndi V. V. Hickman wa ku Tasmania mu 1931, ndipo mitundu yake yodziwika ili cha m'ma 100, pamene akangaude onse odziwika padziko anapitirira mitundu 50,000 mu 2022. M'banja limeneli muli Patu digua wa ku Colombia, amene Ray Forster ndi Norman Platnick anamulemba mu 1977. Thupi la wamwamuna wake ndi mamilimita 0.37. Tengani rula yanu ija, muyang'ane mpata wa pakati pa timizere tiwiri tating'ono. Akangaude awiri otere akhoza kundandalikana mumpatamo, malo n'kutsalabe.

NyaZobue
Abale inu! Ndiye maso, pakamwa, mimba, zonsezo zimakwana pati?

Wophunzira_Ulongwe
Achemwali, zina anachita kuzitaya kuti akwane. Akangaude ambiri ali ndi maso asanu ndi atatu, koma a m'banja ili amakhala ndi asanu ndi limodzi kapena anayi. Mapapo amene akangaude ena amapumira iwo alibe, mpweya umayenda m'timachubu topyapyala. Nsagwada zawo ziwiri zinalumikizana. Ndipo aakazi alibe timanja tiwiri tija timene timakhala pafupi ndi kamwa pa akangaude ena.

MlimiWaTsangano
Mwana wanga, zonse mwatchulazi ndi za ku Colombia ndi kwina kutali. Ife tikunena za ku Domwe. Kuno kwathu anakuonako ndani?

Wophunzira_Ulongwe
Funso labwino bambo. Mu Africa muno aliponso. Anapistula caecula anapezeka ku Côte d'Ivoire, ndipo wamkazi wake ndi mamilimita 0.46, mmodzi mwa akangaude aakazi ochepetsetsa odziwika. Anapistula benoiti ndi wa ku Congo, Symphytognatha imbulunga ndi wa ku South Africa, ndipo ena ali kuzilumba za Seychelles. Ndiye kumpoto kwathu aliko, kummwera aliko. Komabe sindikunena kuti a ku Domwewo ndi a banja limeneli. Dzina lenileni limatuluka pokhapokha katswiri akaika kangaude wokhwima pansi pa maikulosikopu n'kuyang'ana ziwalo zake zoberekera. Chithunzi cha pafoni sichikwanira.

Mayi_wa_ku_Matundo
Pepani ndidule. Ine changa ndi chimodzi: amaluma? Ana akumapita kumeneko opanda nsapato.

Namwino_Moatize
Mayi, musade nkhawa ndi amenewa. Mano a kangaude wa milimita imodzi sangaboole khungu la munthu. Amene muyenera kuwasamala ali m'nyumba mwanu momwemo: kangaude wobulungira, wofiirira kapena wakuda, wokhala pansi pa mipando, m'zidebe zakale ndi m'makona a chimbudzi. Wofiirirayo ali ndi chizindikiro cha mtundu wa lalanje kumimba, ndipo timatumba ta mazira ake timakhala ndi timinga. Mwana akalumidwa n'kuyamba kutuluka thukuta, kumva kukokana m'mimba ndi m'miyendo, thamangani naye kuchipatala.

Ndiwonjezere china poti tili pa nkhani ya akangaude. Chonde tisiye kumata ukonde wa kangaude pabala kuti magazi aleke. Ukonde wa kudenga umakhala ndi fumbi ndi mwaye, ndipo dothi likalowa pabala kafumbata sachedwa. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mupsinje ndi nsalu yochapa.

Mayi_wa_ku_Matundo
Zikomo anamwino, mtima wakhala pansi. Za timatumba ta mingazo ndinaziwonapo kuseri kwa mbaula.

TomatoWaBiriwiri
Inu mukuwayamikira akangaude ang'onoang'ono, ine andithera dimba. Chaka chino tomato yense anachita chikasu, masamba kuuma, pamwamba pali ulusi wokutira nsonga zonse. Akangaude ofiira. Ndinagula mankhwala ndi ndalama zambiri koma patapita masabata angapo anabwereranso. Ngati a ku Domwewo ndi abale awo, aphunzitsi otchani malowo asanafike m'madimba a anthu.

Wophunzira_Ulongwe
Pepani kwambiri ndi dimba lanu achimwene, vuto limenelo ndi lalikulu kuno ku Angónia ndi ku Tsangano. Koma amene anakudyerani tomato si akangaude enieni, ngakhale timawatchula choncho. Ali m'gulu limodzi ndi nkhupakupa ndi nthata. Amaboola tsamba n'kumayamwa madzi ake. Mtundu wovuta kwambiri pa tomato, Tetranychus evansi, kwawo ndi ku South America, ndipo kuno kummwera kwa Africa unachita kubwera. Kangaude weniweni sayamwa mbewu, amagwira tizilombo tinzake. Chinanso, ofiirawo amachuluka kukatentha ndi kuuma, pamene amene aphunzitsi akunenawa kukauma amafa. Kuotcha m'mbali mwa mtsinje sikungapulumutse tomato ndi mmodzi yemwe.

Pa za kubwereranso kwawo: mankhwala ambiri ophera mbozi sawapha bwino ofiirawa, koma amapha tizilombo timene timawadya. Ndiye mukapopera, adani awo amatha, iwo n'kutsala okha m'dimba. Zulani mapesi akale a tomato mukangomaliza kukolola, musasiye nthula ndi mnadzi m'mphepete chifukwa amabisala momwemo, ndipo popopera lozani kunsi kwa masamba.

TomatoWaBiriwiri
Za mnadzizo ndazimva koyamba. Uli mbwee m'malire mwa dimba langa, amayi amathyola ndiwo.

MlimiWaTsangano
Mnadzi ndi ndiwo, musauzule wonse chifukwa cha mawu a pafoni. Chotsani wa pafupi ndi mabedi basi.

Mphunzitsi_wa_Domwe
Tibwerere pang'ono kumtsinje kuja abale. Achemwali a ku Ulongwe, popanda maikulosikopu pali chimene ana angaone ndi maso n'kusiyanitsa mwana wa kangaude wamkulu ndi kangaude wokhwima wamng'ono? Ife tili ndi lupa (galasi lokulitsa zinthu) imodzi yokha pasukulu.

Wophunzira_Ulongwe
Chilipo aphunzitsi, ndipo lupa imodziyo ikwanira poyambira.

Yambani ndi ukondewo. Tengani ufa woyera wosefa bwino, muuike m'sokosi yakale, mugwedeze pang'ono chapamwamba kuti fumbi lake litsike lokha. Akatswiri amachita chimodzimodzi ndi ufa wosalala wa chimanga akafuna kujambula. Ulusi uliwonse umaonekera. Mukatero yang'anani kamangidwe. A Symphytognathidae amaluka ukonde wogona, wafulati, wa ulusi wambirimbiri wochokera pakati kupita m'mbali, wothithikana kuposa wa kangaude wa m'munda, chifukwa akamaliza kuzunguliza ulusi womata amabwereranso kuwonjezera wina. A Anapidae nawo ukonde wawo ndi wogona, koma pakati pake pamakokedwera m'mwamba ndi ulusi wina womangirira kumtunda. Ambiri a iwo ndi ofiirira ndipo pamimba ali ndi chikamba cholimba chonyezimira. A Mysmenidae ambiri ukonde wawo si wafulati n'komwe, ulusi umapita mbali zonse n'kupanga kampira.

A Theridiosomatidae ndiwo amandisangalatsa kuposa onse. Kangaudeyo amakhala pakati, n'kugwira ulusi umodzi womangidwa ku kamtengo, n'kumaukoka mpaka ukonde wonse utapindikira kumbuyo. Udzudzu ukayandikira amangotaya ulusi uja, ukonde n'kufwamphuka ngati legeni kukakumana ndi udzudzuwo m'malere. Ofufuza a ku yunivesite ya Georgia Tech ku America anawajambula ku Peru ndipo mu 2020 anafalitsa kuti ukondewo umathamanga mamita 4 pa sekondi imodzi. Amakonda malo amdima pafupi ndi madzi, ndiye muyang'anenso m'mizu ya mikuyu yolendewera kumtsinje ndi kunsi kwa miyala.

Kenako kangaudeyo. Wamwamuna wokhwima timanja take ta pafupi ndi kamwa timakhala totupa kunsonga ndipo timaoneka tolimba, takuda. Mukapeza kakangaude ka milimita imodzi kali ndi timanja totere, dziwani kuti kafika pamapeto pa msinkhu wake. Mukapezanso katumba ka mazira kali pambali pa kaukonde, ndiye kuti mwini wake ndi mayi, si mwana.

Gogo_Furancungo
Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi, anawo muwaphunzitse kukhala pansi chete, asamagwedeze masamba. Ife tili ana tinkawaona timaukonde totere pokatchera nkhanu, koma panalibe wotiuza kuti ndi chiyani.

KuMpandaWaSongo
Ine ndili ndi funso lina. Pa maukonde akuluakulu achikasu aja, amene amatchinga njira kuno ku Songo nthawi ya dzinja, pamakhala tiakangaude tonyezimira ngati siliva m'mbali. Amenewo ndiye ana ake eti?

Wophunzira_Ulongwe
Amenewonso ayi achimwene. Onyezimirawo ndi a mtundu wa Argyrodes, a banja linanso. Saluka ukonde wogwirira chakudya, amakhala pa ukonde wa mwini n'kumaba tizilombo tating'ono timene mwiniyo sanatisamale. Ndipo mukaona kena kofiirira kali chapafupi ndi wamkuluyo, kawirikawiri ndi mwamuna wake. Pa akangaude a ulusi wachikasu wamkazi ndiye chimphona. Khalidwe lakubalo lilinso m'banja lathu lija la Symphytognathidae: Curimagua bayano wa ku Panama amakhala pa ukonde wa kangaude wamkulu n'kumadya nawo zimene mwini wagwira.

Mnyamata_wa_Chingodzi
Kuno ku Tete mumzinda sindinaonepo zimenezi. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, pansi pa mitengo pali fumbi lokhalokha. Koma ndikuganiza kuti kwanu kumtundako malo abwino kwambiri ndi kumanda. Ndi nkhalango zokhazo zimene sizidulidwa kapena kuotchedwa. Bwanji osapita ndi ana kumeneko mukasefe masamba?

Gogo_Furancungo
Mdzukulu wanga, mawu amenewo abweze. Kumanda si kosewererako ana asukulu, ndipo salowako popanda amfumu. Malo ena ndi dambwe. Mukufuna aphunzitsiwa aitanidwe kubwalo chifukwa cha kangaude?

Mnyamata_wa_Chingodzi
Agogo, sindikunyoza mwambo. Ndikungonena kuti mitengo yakale yatsala kumeneko kokha.

Gogo_Furancungo
Yatsala chifukwa anthu salowako. Mukayamba kulowako ndi masefa, mawa wina alowa ndi nkhwangwa.

NyaZobue
Apa ndili mbali ya agogo. Taonani msewu wochokera ku Moatize kubwera kuno ku Zóbuè, matumba a makala ali ndandanda. Pamene patsala mitengo yowirira, ukafunsa umva kuti ndi manda. Asiyeni akangaude a kumeneko akhale ndi eni malowo.

Mphunzitsi_wa_Domwe
Kumanda sitipitako, zimenezo zisavute. Kumtsinje kwathu kwatikwanira.

Valimba_Mutarara
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikumbutsa malume anga amene ankasema valimba. Pa chikho chilichonse cha pansi pa mbale za valimba ankaboola kabowo n'kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude wafulati wa pakhoma amaphimbira mazira ake. Ndi kamene kamachititsa kuti valimba izilira monjenjemera. Ankatituma kukafuna kuseri kwa zitseko ndi m'nkhokwe, ndipo ankatiuza kuti tisankhe kamene ana anatulukamo kale. Masiku ano anyamata akumata pepala la pulasitiki lopyapyala. Kwa ine kulira kwake sikufanana, la pulasitiki limalira mokalipa.

KuMpandaWaSongo
Zoona, ndinamvapo magulu awiri pa mwambo wina, kusiyana kumamveka ndithu. Koma m'nyumba za simenti zopaka laimu akangaude afulatiwo akusowa.

MlimiWaTsangano
Chabwino, tinene kuti si ana. Ndavomera kuti mwina alipo otere. Koma ndifunse mosabisa: phindu lake n'chiyani? Kanthu kosaoneka ndi maso, sikadyedwa, sikagulitsidwa. Ana a kalasi 6 aziphunzira kuwerenga ndi masamu.

Mphunzitsi_wa_Domwe
Bambo, masamuwo ndi amene tinachita kumtsinje. Ana amene m'kalasi amasokoneza sentimita ndi milimita anagwira rula okha, n'kuyeza, n'kukangana, n'kulemba m'makope. Mtsikana wina amene salankhula m'kalasi ndiye anayamba kuona kaukonde koyamba, ndipo kuyambira pamenepo mafunso ake sakutha. Mabuku athu amaonetsa mikango ndi njovu, zimene ana ambiri a kuno sanazionepo. Ichi ndi chamoyo cha kwawo, chimene angachipeze okha popanda kulipira chapa. Ine phindu limenelo landikwanira.

Wophunzira_Ulongwe
Ndiwonjezere pa mawu a aphunzitsi. Tiakangaude timeneti tinayankha funso limene akatswiri ankalimbana nalo: kodi ubongo ukachepa kwambiri, nzeru zimachepanso? William Eberhard, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Costa Rica ndi ku Panama, anayerekeza maukonde a akangaude ang'onoang'ono ndi a akuluakulu, ndipo mu 2007 anaonetsa kuti ang'onowo salakwitsa poluka kuposa akuluwo. Mu 2011 ofufuza a bungwe la Smithsonian ku Panama anapeza kuti mwa akangaude ochepetsetsa ubongo umadzaza pafupifupi chifuwa chonse mpaka kusefukira kumayambiriro a miyendo. Choncho kaukonde ka masentimita awiri kamene ana anayeza kali ndi luso lonse la ukonde waukulu.

Ndipo kutha kwawo n'kosavuta. Ku Portugal kuli Anapistula ataecina, amene anamulemba mu 2009. Amapezeka m'mapanga ochepa chabe pafupi ndi Sesimbra, ndipo ali pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kukumba miyala m'deralo. Kwa ife chowopsa si miyala, ndi moto. Kangaude wamkulu akhoza kuthawa kapena kubisala kuuna. Wa milimita imodzi thupi lake limauma msanga, ndiye masamba achinyezi aja akapsa, ngakhale atapulumuka motowo, dzuwa la Okutobala limamumaliza.

MlimiWaTsangano
Nkhani ya moto ndiye musaipeputse. Amene amakhala m'tauni amaona ngati timaotcha chifukwa cha umbuli. Tchire likasiyidwa, nkhupakupa zimachuluka, ng'ombe zimadwala, njoka zimafika pakhomo. Msipu watsopano umaphuka pa lupsa. Komanso udzu ukaunjikana zaka ziwiri, moto wake ukabwera umapsereza ndi mitengo yomwe.

Gogo_Furancungo
Zimenezo n'zoona, koma kale sitinkaotcha chisawawa. Ankaotcha udzu usanaumitsitse, cha mu Meyi kapena Juni, madzulo mphepo itagona, ndipo moto unkazima wokha ndi mame. M'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje munkatsala. Moto wa masiku ano ndi wa anyamata osaka mbewa mu Seputembala, masana dzuwa lili pamutu, woyatsa n'kuchokapo. Umenewo ndi umene ukulowa mpaka m'mitsinje. Akasupe angapo amene ndinkamwa ndili mwana kuno ku Macanga anaphwa mitengo ya m'mbali itatha.

TomatoWaBiriwiri
Apa agogo mwanena. Madzi a m'dimba langa amachokera pa kasupe wotere, ndipo chaka chilichonse akumaphwa msanga.

Namwino_Moatize
Aphunzitsi, ngati mudzafune kusunga kangaude mmodzi kuti akaonedwe ndi akatswiri, mowa wa spiriti wa 70% wa ku famasi ndi umene umasunga bwino. Kabotolo kakhale kotseka zolimba. Kapepala ka malo ndi tsiku mulembe ndi pensulo n'kukaika m'kati momwemo, chifukwa inki imasungunuka.

Wophunzira_Ulongwe
Ndi choncho anamwino. Mutenge ochepa okha, makamaka amuna okhwima, ndipo muyambe mwajambula ukonde wake musanamugwire. Pomutola gwiritsani ntchito kaburashi konyowetsa, zala zimamuphwanya. Njira ina ndi kutapa masamba owolerana, kuwasefa ndi sefa ya mabowo akulu pamwamba pa nsalu yoyera, n'kudikira kuti timadontho tiyambe kuyenda. Mukamaliza masambawo muwabwezere pamene munawatapa. Mukabwera ku Ulongwe mundidziwitse pagulu pano, ndidzapempha aphunzitsi athu kuti tiyang'ane limodzi pa maikulosikopu. Zikafunika kupita patali, ku Gorongosa kuli labotale ya E. O. Wilson imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ntchito yake ndi kulemba zamoyo za m'dziko lathu lino la Mozambique, zazing'ono zomwe.

MlimiWaTsangano
Ine ndikudikira zotsatira za maikulosikopuyo. Mpaka pamenepo ndikuti theka la timaukondeto ndi ta ana. Koma pa za moto wa m'mbali mwa mtsinje, aphunzitsi musayambe nokha. Pitani kwa amfumu ndi a komiti ya makolo, chifukwa mukalambula njira yotchinga moto popanda iwo, eni minda ya m'mbali adzati mukulanda malo. Njirayo ikhale yotakata mamita atatu kapena anayi, ndipo ilambulidwe udzu ukangoyamba kuuma, osadikira Ogasiti.

Mphunzitsi_wa_Domwe
Ndamva bambo. Komiti ya makolo ikumana Loweruka likudzali ndipo amfumu amakhalapo, ndiye ndikaitula kumeneko. Achimwene a ku Biriwiri, mungalembe pano mmene kasupe wanu wakhala akuphwera? Makolo ambiri kuno ali ndi madimba a kabichi ndi mbatatesi kumunsi kwa mtsinje womwewu, ndipo ndikufuna akamve kuchokera kwa mlimi mnzawo.

TomatoWaBiriwiri
Ndilemba usiku uno ndikachoka kudimba. Achemwali a ku Ulongwe, inunso munditumizire mayina a mankhwala amene amaphadi ofiira aja, ndisatayenso ndalama.